Zaka zimene sizilembedwa pachikuto

Mbiri ya wolemba mabuku a ana amene anapatapo mphoto imalembedwa mwachidule kwambiri. Kuseri kwa buku amangoika zaka zingapo ndi mayina a mphotozo, basi. Ya a Meshack Asare a ku Ghana, tikatenga mphoto zikuluzikulu zokha, imayenda motere: 1982, Noma, 1999, UNESCO, 2015, NSK Neustadt. Ukawerenga mzere umenewu umaona ngati moyo wawo unali makwerero, phazi ili kutsogolo kwa linzake mpaka pamwamba. Komatu pakati pa 1982 ndi 1999 pali zaka 17, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 pali zina 16. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo zambiri zimene ndimamasulira m'Chichewa ndi mabuku a ana. Choncho maso anga amathamangira pa zaka za pakatizo: munthuyu ankajambulira ndani, ndipo ndani ankasindikiza zimene wajambulazo?

A Asare anabadwa mu 1945 ku Nyankumasi, anaphunzira zojambulajambula ku Kumasi, kenaka anakhala mphunzitsi kwa zaka zoposa 10. Ali pauphunzitsi pomwepo anayamba kulemba timabuku ta ana. Mu 1970, ali ndi zaka 25, anatulutsa Tawia Goes to Sea, nkhani ya mnyamata wa kwa asodzi amene mtima wake wonse uli panyanja. Nkhani analemba okha, zithunzi anajambulanso okha. Bukulo linatamandidwa ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zina. Kenaka kunangoti zii. Kwa zaka pafupifupi 10 sikunatulukenso buku la iwo.

Zaka zimenezo Ghana inali pamoto. Asilikali analanda boma mu 1972, anasinthana okhaokha mu 1978, ena n'kulandanso mu 1979. Mu 1977 mitengo ya zinthu inakwera kuposa kawiri m'chaka chimodzi chokha, ndipo aphunzitsi ambiri anathawira ku Nigeria kukasaka ntchito. Ndalama zakunja zikasowa m'dziko, buku la zithunzi ndilo limayamba kufa. Buku la akuluakulu ungalisindikize ndi inki yakuda yokha papepala lonyozeka, anthu n'kuliwerengabe. La zithunzi sililola zimenezo. Limafuna pepala lochindikala kuti utoto usaonekere kuseri, limafuna inki za mitundu inayi, ndiponso makina oti mitundu inayiyo igwere pamalo amodzi, apo ayi nkhope ya mwana imatuluka ndi maso anayi. Zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Amene tinaona mizere ya mafuta kwathu kuno sitifunika kufotokozeredwa kawiri.

Mu 1981 a Asare anabwerera ndi The Brassman's Secret. Kale anthu a Chiasante ankagwiritsa ntchito fumbi la golide ngati ndalama, ndipo poyeza kulemera kwake ankaika pasikelo tizifaniziro ta mkuwa: tianthu, timbalame, ting'ona, tambiri mwa ito tili ndi mwambi wake. Kapangidwe kake ndi kofuna kudekha. Mmisiri amaumba kachifaniziro ndi phula, n'kukamata dongo. Akaotcha, phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo mwake amathiramo mkuwa wosungunula. Ukazizira amaswa dongolo. Choncho palibe tiwiri tofanana ndendende, chifukwa chikombole chilichonse chimagwira ntchito kamodzi kokha. M'bukumo mnyamata wina, Kwajo, mwana wa mmisiri wotere, akutengedwa ndi kachifaniziro kamodzi kupita m'dziko la makolo, kumene ayenera kumasulira zizindikiro ndi miyambi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti munthu amene wakhala chete zaka 10 sanabwerere ndi nthano yophweka ya kalulu ndi fisi, yoti aliyense aigule mosavuta. Anasankha kulemba za mmisiri ndi mwana wake, za luso la manja ndi mmene limachokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono.

Bukuli ndi limene linapata mphoto ya Noma mu 1982. Achinyamata ambiri lero saidziwa mphoto imeneyi. Ndalama zake zinkachokera kwa a Shoichi Noma a kampani yosindikiza mabuku ya Kodansha ku Japan, ndipo lamulo lake lalikulu linali lakuti buku likhale lolembedwa ndi munthu wa mu Africa komanso losindikizidwa mu Africa momwemuno, m'chilankhulo chilichonse. Woyamba kuipata anali mayi Mariama Bâ a ku Senegal mu 1980. Chaka chachitatu chokha, oweruza anapereka mphotoyo kwa kabuku ka ana, ataika pambali mabuku a akatswiri a mbiri yakale ndi andakatulo. Patapita zaka 10 anachitanso chimodzimodzi ndi a Charles Mungoshi a ku Zimbabwe, pa buku lawo la nthano za Chishona, One Day, Long Ago. Mu 2009 mphotoyo inaperekedwa komaliza.

Kuti tione chimene mphoto imachita pa moyo wa wojambula, tiyeni tiwoloke kaye nyanja tipite ku America. Kumeneko kuli mendulo ya Caldecott, imene yakhala ikuperekedwa chaka ndi chaka kuyambira 1938 kwa wojambula buku la ana lopambana m'dzikomo. Menduloyo ilibe ndalama, olo tambala. Koma amene amaipereka ndi bungwe la malaibulale a ku America, ndipo buku likangopata, malaibulale zikwizikwi a m'mizinda ndi a m'masukulu amaliitanitsa. Kampani imabwerera kumakina kukasindikiza makope ena, n'kumata kachizindikiro kagolide pachikuto. Buku lotere silisowanso m'sitolo, ndipo wojambula amalandira kagawo kake pa kope lililonse logulitsidwa mpaka kukalamba.

A Jerry Pinkney anajambula buku lawo loyamba mu 1964, la nthano za kangaude za kumadzulo kwa Africa. Mendulo anaipata mu 2010, patatha zaka 46, ndi The Lion & the Mouse, nthano ya mkango ndi mbewa imene anaiika m'tchire la Serengeti. Mulibe mawu m'bukumo kupatula otsanzira phokoso, monga kulira kwa nyama, moti womasulira ngati ine alibemo chake, ndipo ndimalikonda chifukwa chomwecho. Asanapate menduloyo anali atafika pafupi kasanu. Zaka 46 n'zambiri ndithu, koma m'zaka zonsezo dzanja lawo silinapume: mabuku amene anajambula amaposa 100. Analipo owapatsa ntchito, analipo ogula. Kudikira kwa a Pinkney kunali kudikira ulemu. Kudikira kwa a Asare m'zaka za m'ma 1970 kunali kudikira buku lenilenilo.

Noma inali ndi ndalama, Caldecott ilibe, koma yolemeretsa ndi yopanda ndalamayo. Kumbuyo kwa Noma kunalibe malaibulale zikwizikwi okhala ndi thumba logulira mabuku atsopano. Ndi chifukwa chake ukatsatira mabuku a a Asare a pambuyo pa 1982, umapeza akuyendayenda ngati mlendo wofuna pogona. Chipo and the Bird on the Hill, nkhani ya ana ndi mbalame yamwala ya ku Great Zimbabwe, linatuluka ku Harare mu 1984, nthawi imene dzikolo linali litangolandira ufulu, makampani a mabuku ali ndi mphamvu, ndipo chionetsero cha mabuku cha Zimbabwe International Book Fair chitangoyamba kumene mu 1983. Nkhani yawo ya mphaka wofunafuna bwenzi inatulukira ku Austria m'Chijeremani, n'kupata mphoto kumeneko. Eni akewo anasamukira ku London, kumene anachita maphunziro a chikhalidwe cha anthu pa SOAS, ndipo pambuyo pake anakakhala ku Germany. Munthu wa ku Ghana, wojambula ana a mu Africa, koma ana a ku Vienna ankatha kuona buku lake mosavuta kuposa ana a ku Kumasi.

Chimene chinasintha zinthu si mphoto ina ayi, koma wosindikiza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mayi Akoss Ofori-Mensah anayambitsa kampani ya Sub-Saharan Publishers ku Accra. Kampani imeneyi inatulutsa mabuku atsopano a a Asare motsatizana, inasindikizanso nkhani ya Kwajo ija kuti mbadwo wina uione, ndipo inkanyamula mabukuwo kupita nawo ku zionetsero za kunja kukagulitsa chilolezo choti amasuliridwe. Dzina la mayi amenewa silipezeka pamzere wa mphoto uja. Koma pa zonse zimene ndawerenga za ntchito ya a Asare, ndikuona kuti apa ndi pamene panali pokhotera penipeni.

Sosu's Call linatuluka kumeneko mu 1997. Sosu ndi mnyamata amene satha kuyenda. Mudzi wawo uli pakamtunda kopyapyala pakati pa nyanja yamchere ndi thamanda lalikulu. Anthu ena m'mudzimo amamuona ngati wobweretsa tsoka, choncho amabindikira pakhomo ndi galu wake, Fusa, anzake akupita kusukulu. Tsiku lina akuluakulu onse ali kuminda ndi kokawedza, mphepo yamkuntho inabwera, madzi n'kuyamba kulowa m'mudzi momwe munatsala ana ndi nkhalamba zokha. Sosu anadzikoka pansi ndi manja, m'madzi ndi m'matope, mpaka kukafika pamene pamasungidwa ng'oma, n'kuyamba kuimba kuti anthu amve abwerere.

Bukuli ndakhala ndikulimasulira pakamwa kwa ana a achemwali anga, tsamba ndi tsamba, ndipo landiphunzitsa zambiri za ntchito yanga. Vuto loyamba ndi madzi awiriwo. M'Chichewa mawu akuti nyanja amakwanira ya Malawi, ya Chilwa ndi ya Atlantic yomwe. Nanga thamanda la m'mbali mwa nyanja yamchere, lolekanitsidwa nayo ndi mchenga wokha, mwana wa ku Dedza analiona kuti? Ndikanati ndilongosole ndi mawu, ndikanadya theka la tsamba. Koma chithunzi chinamaliza kale nkhaniyo: madzi uku, madzi uko, mudzi pakati. Mwana amangoyang'ana n'kudziwa kuti pothawira palibe. Chithunzi chimandithandizanso pa ulemu. Chingerezi chili ndi mawu amodzi okha pamene ife tili ndi iwe ndi inu, ndipo nthawi zambiri chimene chimandiuza woti ndisankhe ndi mmene wojambula waimikira anthu ake, amene wawerama ndi amene wayang'ana pansi. M'buku la zithunzi womasulira amagwira theka la nkhani. Theka linalo ndi la wojambula, ndipo silimasuliridwa. Likakhala labodza, ngati mbale, nsalu kapena kakhalidwe ka mayi pamphasa n'zachilendo, palibe mawu anga amene angalikonze.

Palinso nkhani ya malo. Buku la zithunzi kawirikawiri limakhala ndi masamba 32, chifukwa cha mmene pepala lalikulu limapindidwira kumakina, ndipo wojambula amasiya kampata ka mawu poyeza ndi chilankhulo choyambacho. Mawu athu ndi aatali. Zimene Chingerezi chimanena ndi timawu tinayi tatifupi, ife timazimanga m'mawu amodzi otalika ngati sanathenso, ndipo mzere ukatha amakana kuduka bwino. Ndimapulumukira ku mawu athu ofanizira, monga khwaa, phwii ndi zii, amene amanyamula chiganizo chonse m'malo ochepa, ndipo ana amawakonda kuposa china chilichonse. Wolemba amene ndi wojambula yemwe, ngati a Asare, amadziwa kusiya mawu ochepa chifukwa amakhulupirira chithunzi chake. Mabuku otere ndi okoma kumasulira.

Mathero a nkhani ya Sosu amandisiya ndi kanthu kukhosi. Atapulumutsa mudzi, atolankhani amabwera, iye amalandira njinga ya anthu aulumali n'kuyamba kupita kusukulu. Ana amasangalala, inenso ndimasangalala nawo. Koma ndimafunsa mumtima: akanapanda kubwera madzi aja, Sosu akanakhalabe kuseri kwa mpanda mpaka liti? Mwana sayenera kupulumutsa mudzi wonse kuti ayenerere njinga. Mwina a Asare ankafuna kuti wamkulu wowerengera mwana bukuli amve manyazi amenewo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, ana amene ndimawawerengera samva nkhaniyi ngati nthano. Amafunsa kuti madziwo anafika pati, ndipo agogo amene sakanatha kuthamanga anawanyamula ndani.

Sosu's Call linapata mphoto ya UNESCO mu 1999. Mu 2002, pamene unalengezedwa mndandanda wa mabuku 100 opambana a mu Africa a m'zaka za m'ma 1900, ganizo limene a Ali Mazrui anayambitsa pa chionetsero cha ku Harare chija, mabuku a ana analipo anayi okha. La Sosu linaikidwa m'gulu la mabuku 12 a pamwamba penipeni, pamodzi ndi a Chinua Achebe ndi a Tsitsi Dangarembga. Mphoto ya NSK Neustadt, imene imaperekedwa ku yunivesite ya Oklahoma poyang'ana ntchito ya moyo wonse wa wolemba, inawapeza mu 2015 ali ndi zaka 70, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Kuchokera pa Tawia panali patatha zaka 45.

Tsono kwathu kuno zili bwanji? Buku la zithunzi lonena za mwana wa ku Malawi limene ladziwika kwambiri kunja ndi Galimoto, la mu 1990, nkhani ya Kondi amene akusaka mawaya m'mudzi monse kuti apange galimoto yake. Analemba ndi mayi Karen Lynn Williams a ku America, amene anakhalapo ku Malawi, ndipo anajambula ndi mayi Catherine Stock. Ndi buku labwino, lojambulidwa ndi maso aulemu, ndipo ndilibe nalo mlandu. Ndimangoona kuti lakhala ndi moyo zaka zoposa 30 chifukwa linabadwira ku New York, kumene kuli ogula. Ana amene anapanga magalimoto a mawaya aja, ena mwa iwo anakula n'kukhala ojambula aluso. Mabuku awo ali kuti?

Alipo, ndipo ine ndamasulirapo ambiri. Amatuluka kudzera m'mapulojekiti a mabungwe olimbikitsa kuwerenga. Kachitidwe kake n'kodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchitoyi. Timasonkhana pamalo ogona alendo kwa masiku asanu, timapatsidwa mndandanda wa zilembo ndi mawu amene mwana wa Sitandade 1 waphunzira kale, nkhani n'kulembedwa mkati mwa mpanda umenewo. Wojambula amalipidwa pa chithunzi chilichonse, kamodzi kokha, n'kusainira kuti zithunzizo si zakenso. Dzina lake limalembedwa ndi tizilembo tating'ono mkati, pansi pa zizindikiro za mabungwe, ndipo pachikuto pamadindidwa kuti bukuli silogulitsa. Pulojekiti ikatha, patapita zaka zitatu kapena zisanu, bukulo silisindikizidwanso. Makope amene anafika kusukulu amang'ambika, ndipo ndi momwemo kuti ang'ambike, chifukwa buku la ana losang'ambika ndiye kuti latsekeredwa m'kabati ya ahedi. Koma likang'ambika latha. Kholo lofuna kugulira mwana wake silingalipeze paliponse.

Sindikunyoza mabuku aulere. Ku South Africa bungwe la Book Dash, kuyambira 2014, limasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba, onse odzipereka, kuti apange buku m'maola 12, ndipo aliyense ali ndi ufulu wolimasulira ndi kulisindikiza osalipira. Cholinga chawo n'chakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka 5. Mabuku otere afika m'manja mwa ana amene sakanagwirapo buku, ndipo m'zilankhulo zimene makampani amalonda sazilabadira. Mwana amene ali ndi zaka 5 lero sangadikire kuti msika wa mabuku ukhwime kaye. Koma buku la tsiku limodzi ndi ntchito ya moyo wonse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Dzanja limene linajambula Sosu linali litajambula kwa zaka pafupifupi 30, ndipo zimaoneka: m'mene utoto wamadzi ukuderera mphepo ikayandikira, m'mene galu akutembenukira kuona ngati mbuye wake akutsatira. Luso lotere limakula ndi buku lachiwiri, lachisanu, lakhumi. Mmene tikuchitira panopa, tikupanga anthu ambiri a buku loyamba.

M'modzi mwa iwo ndinagwira naye ntchito zaka zingapo zapitazo, mnyamata wa ku Blantyre. Nkhani imene tinapatsidwa inali yozizira, ya mbuzi imene inasochera n'kupezeka. Iye anajambula mbuzi yokwiya, yooneka kuti sinasochere konse koma inachoka dala, ndipo patsamba lomaliza ikubwerera kukhola ikuyang'ana cham'mbali ngati munthu amene wagonja pamlandu koma sanavomereze. Zimenezo munalibe m'mawu. Ana amene tinayesera nawo bukulo anaseka mpaka kugwa pansi, ndipo ine ndinasintha chiganizo chomaliza kuti chigwirizane ndi nkhope ya mbuziyo.

Lero amalemba zikwangwani za malo ometera, za magolosale ndi za matchalitchi. Nditakumana naye ndinamufunsa kuti, "Achimwene, za mabuku zija munasiya?" Anaseka. "Achemwali, wachikwangwani amalipira lero lomwe. Wabuku amati dikirani lipoti livomerezedwe." Kenaka anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za nkhani yakeyake, ya mtsikana wogulitsa mandasi padepoti amene amadziwa basi iliyonse ndi kulira kwa injini yake. Palibe amene anamutuma, ndipo palibe kampani imene yalonjeza kusindikiza. Mapepala anawadula kale, 32, ndipo amajambula Lamlungu masana akachoka kutchalitchi. Tsiku limenelo anali atafika patsamba 14.